Rolex Submariner kapena Omega Seamaster: yankho kwa bambo a ng'ombe a ku Ngabu

Funso la lero lachokera kwa bambo ena a ku Ngabu, ndipo ndalifupikitsa. Iwo amachita malonda a ng'ombe, ali ndi zigayo ziwiri komanso munda wothirira m'mbali mwa Shire. Chaka chamawa akwanitsa zaka 60, ndiye akufuna kudzigulira wotchi imodzi yapamwamba imene adzasiyire mwana wawo wamwamuna. Mwana wawo wamkazi amagwira ntchito ku Johannesburg ndipo walonjeza kuwaperekeza kokagula. Mtima wawo waima pakati pa Rolex Submariner ndi Omega Seamaster Diver 300M. Mawu awo ndi awa: "Ndi iti ingapirire kutentha ndi fumbi la kuchigwa kuno? Nanga ndi iti ingadzandibwezere ndalama zanga nditafuna kugulitsa?"

Zikomo bambo. Mafunso anu awiriwa ali ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi, ina ikufuna kudimba ina ikufuna kukhola. Loyamba likukokera ku Omega, lachiwiri likukokera ku Rolex. Kuti musavutike n'kudikira, ndinene pompano kuti ndikanakhala inu ndikanagula Omega. Koma pali zifukwa zingapo zimene zingandichititse kukuuzani kuti ayi, sungani mtima mudikire Rolex, ndipo ndizitchula tikamapita.

Ine ndatha zaka zoposa 30 ndikutsegula mawotchi. Ntchitoyi ndinaiphunzira ku Joni, kenako ndinadzakhazikika kumtunda kuno, koma mchombo wanga unakwiriridwa ku Chikwawa, kotero dzuwa la Okutobala la kwanuko ndikulidziwa. Ndikudziwanso mmene munthu amamvera akamatsika mapiri a ku Thabwa, mpweya wotentha n'kumuwomba kumaso ngati watsegula uvuni wa buledi.

Tiyambe ndi zimene mawotchi awiriwa akufanana, chifukwa n'zambiri kuposa mmene ogulitsa amanenera. Onse ndi a ku Switzerland. Onse alibe batire: m'kati muli kachitsulo kolemera kamene kamazungulira dzanja lanu likamagwedezeka, n'kumakunga sipuling'i imene imayendetsa wotchiyo. Onse amapirira madzi mpaka kuya kwa mamita 300, ndipo mu Shire yense, ngakhale m'dambo la Ndindi, mulibe dziwe limene lingayandikire pamenepo. Onse ali ndi galasi la safiro losakalika msanga, mkombero wa seramiki wozungulira mbali imodzi yokha, ndi kachipukusiro kam'mbali kamene kamamangidwa ngati nati. Onse amabwera ndi chitsimikizo cha zaka zisanu. Submariner inatuluka koyamba mu 1953, dzina la Seamaster linayamba mu 1948, ndipo Diver 300M imene mukunenayi inabwera mu 1993 n'kukonzedwanso kwambiri mu 2018. Za mbiri tilekere pomwepo, chifukwa mbiri siithandiza munthu pamsika wa ng'ombe.

China chimene ndimauza aliyense asanatulutse ndalama ndi ichi: ngati mukufuna nthawi yolondola basi, Casio ya batire ya pamsika wa Nchalo imaposa onse awiri. Rolex imalonjeza kuti wotchi yake siiphonya kuposa masekondi awiri patsiku, kutsogola kapena kutsalira. Omega imalonjeza kuti yake siitsalira konse, koma itha kutsogola mpaka masekondi asanu patsiku. Mukawerengetsa pamwezi, Rolex itha kuphonya mphindi imodzi, Omega mphindi ziwiri ndi theka, pamene ka Casio kaja kamaphonya masekondi owerengeka okha. Pamakina opanda batire zimenezi ndi zodabwitsa, koma musadzakhumudwe mukadzaona foni yanu ikutsutsana ndi dzanja lanu.

Tsopano kutentha. Makina a m'kati mwa mawotchi onse awiriwa amayamba ayesedwa ndi bungwe la ku Switzerland lotchedwa COSC kwa masiku 15, pa madigiri 8, 23 ndi 38. Mwina mwaseka kale, chifukwa ku Ngabu mu Okutobala ndi Novembala 38 ndi tsiku labwinobwino, 40 imapyoledwa popanda wodabwa. Koma musade nkhawa. Wotchi ikakhala padzanja imatengera kutentha kwa thupi lanu, ndipo thupi la munthu wamoyo silipita kutali ndi 37. Imene imavutika ndi wotchi yovulidwa. Mukaisiya padashibodi ya galimoto masana, magalasi ali otseka, inu muli m'khola kukambirana mtengo wa nkhunzi, pamenepo ndiye mwaiphika. Mafuta a m'kati, amene ndi timadontho tochepa kwambiri kuposa mutu wa singano, amasungunuka n'kuchoka pamalo pake, ndipo timphira timene timatseka madzi timauma msanga. Pa nkhani imeneyi palibe yoposa inzake. Rolex yosiyidwa padashibodi imavutika chimodzimodzi ndi Omega.

Fumbi nalo sililowa m'kati ngati kachipukusiro kaja kali komanga. Kumene limachita nkhanza ndi m'lamba wachitsulo ndi pansi pa mkombero. Fumbi la kuchigwa likasakanikirana ndi thukuta limasanduka ngati phala lonolera, ndipo tsiku ndi tsiku limadya timisomali timene timalumikiza lamba. Pakatha zaka mumangoona lamba wayamba kulendewera ngati tcheni cha njinga yakale. Mankhwala ake ndi otchipa: mswachi wofewa, sopo pang'ono, madzi oyera, kamodzi pa sabata. Koma samalani ndi madzi a pamjigo, chifukwa mukudziwa nokha kuti mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere. Tsukuluzani ndi madzi a mvula kapena a m'botolo. Apa Rolex ili ndi kamwayi pang'ono, chifukwa imagwiritsa ntchito chitsulo cha mtundu wa 904L chimene chimalimbana kwambiri ndi mchere kuposa 316L ya Omega. Koma kunena zoona, sindinaonepo Seamaster yochita dzimbiri padzanja la munthu amene amaitsuka.

Pamene Rolex imandisangalatsa kwenikweni pa nyengo yanu ndi pa chomangira lamba. Dzanja la munthu limatupa kukatentha. M'mawa wotchi imakhala bwinobwino, pofika 2 koloko masana yakumangani ngati unyolo. Chomangira cha Submariner, chimene amachitcha Glidelock, chimakulolani kutalikitsa lamba pang'onopang'ono, mamilimita awiriawiri mpaka pafupifupi 20, ndi zala zanu zokha popanda chida. Omega nayo ili ndi kabatani kotalikitsira, koma sikafika patali chotero. Mkombero wa Rolex ulinso ndi timano timene zala zathukuta zimagwira bwino, pamene wa Omega ndi wosalala m'mbali ndipo umaterera. Kumbali yake Omega ili ndi chimene Submariner ilibe: mutha kuigula ndi lamba wa mphira wochokera kufakitale komweko. Kwa munthu wa kuchigwa lamba ameneyu ndi mpumulo, wopepuka, wosadyeka ndi fumbi, wotsuka ngati mbale. Ine ndimalangiza kugula ya lamba wachitsulo n'kuwonjezera wa mphira padera, chifukwa kudzagula wachitsulo pambuyo pake kumadula kwambiri. Lamba wachikopa musamuganizire n'komwe, sangathe nyengo imodzi ya ng'amba asananunkhe.

Omega ili ndi kachipukusiro kachiwiri kumanzere chakumtunda, pa 10 koloko. Ndi kotulutsira mpweya wa helium, ndipo kamathandiza anthu okhawo amene amakhala masiku ambiri m'zipinda zapadera zogwirira ntchito pansi pa nyanja. Kwa inu n'kokongoletsa chabe. Kasiyeni kali komanga, ndipo adzukulu asamaseweretse.

Tifike pa zigayo zanu, chifukwa apa m'pamene pagona yankho langa. Mtima wa wotchi yopanda batire ndi kasipuling'i kopyapyala ngati tsitsi, kopiringizika, kamene kamafutukuka ndi kukhwinyata kangapo pa sekondi iliyonse. M'mawotchi akale kameneka kanali kachitsulo wamba, ndipo kakayandikira maginito kamagwira mphamvu yake. Zikatero timizere take timamatirirana, kamafupika, wotchi n'kuyamba kuthamanga ngati yalumidwa ndi njuchi, mphindi zingapo patsiku. Anthu ambiri amabwera kwa ine akuti wotchi yafa, pamene yangogwira maginito, ndipo kuchotsa kwake ndi ntchito ya mphindi imodzi pa kamakina kakang'ono. Nanga maginito amapezeka kuti? M'mamota a chigayo, m'mapampu othirira, m'jenereta, pamakina owotcherera zitsulo, m'masipika akuluakulu a paukwati, ngakhale m'kachikwama ka foni kamene kamadzitseka kokha. Mukaona mndandanda umenewu, bambo, ndi tsiku lanu lonse kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Omega inalimbana ndi vutoli kuyambira kumizu. Kasipuling'i kake ndi ka silicon, ndipo zipangizo zina zofunika zinapangidwa ndi zitsulo zosagwira maginito. Kuyambira 2015 mawotchi ake otchedwa Master Chronometer amayesedwa motsatira muyezo wa METAS, bungwe la boma la Switzerland loona za miyezo, ndipo iliyonse iyenera kupirira maginito a mphamvu ya magauss 15,000 ili chiyendere. Kuti muone kukula kwa nambalayi, muyezo wakale wapadziko lonse wa wotchi yopirira maginito ndi pafupifupi magauss 60, ndipo Milgauss, imene Rolex inapangira akatswiri a zamagetsi m'zaka za m'ma 1950, inatchuka chifukwa chopirira 1,000. Musandimve molakwa ngati kuti Submariner ya lero ndi yofooka. Kasipuling'i kake ka buluu, kotchedwa Parachrom, sikagwira maginito, ndipo mbali zina za makina ake n'chimodzimodzi. Kungoti Rolex siilemba nambala ya magauss pa Submariner, pamene Omega imakupatsani khadi ndi zotsatira za wotchi yanu yeniyeniyo. Munthu wokhalira pakati pa mamota ndi bwino akhale ndi umboni wolembedwa.

Ndipatuke pang'ono. Choopsa chachikulu pachigayo si maginito ayi, ndi lamba wa injini. Lamba wa wotchi zimenezi ndi wolimba moti akakola pa chinthu chozungulira, chimene chimagonja ndi dzanja. Mukafuna kugwira malamba kapena kumenya chitsulo ndi hamala, vulani muike m'thumba la malaya.

Pa kusunga mphamvu Rolex yatsogola. Makina ake, 3235 pa ya deti ndi 3230 pa yopanda deti, amayenda pafupifupi maola 70 wotchi itavulidwa. Makina a Omega, 8800, amayenda maola 55. Mukavula Lachisanu 6 koloko madzulo n'kudzavala Lolemba 6 koloko m'mawa, apita maola 60, ndiye kuti Rolex mudzaipeza ikuyenda, Omega itaima. Koma inu mwati mukufuna yovala tsiku lililonse, kutchalitchi ndi kumaliro komwe, ndiye kusiyana kumeneku simudzakuona.

Tsopano za ndalama, ndipo apa ndikhalapo nthawi. M'zaka zaposachedwazi Submariner yachitsulo ya deti yakhala ikugulitsidwa madola a ku America oposa 10,000 m'masitolo ovomerezeka, pamene Seamaster Diver 300M yakhala cha m'ma 6,000. Mitengo imakwera pafupifupi chaka chilichonse, ndiye mwana wanu afunse ya lero. Koma mtengo wolembedwawo ndi theka chabe la nkhani. Omega mutha kulowa m'sitolo ku Johannesburg m'mawa, masana n'kutuluka mutavala. Submariner yachitsulo siipezeka choncho. Sitolo imakulembani dzina n'kukuuzani kuti tidzakuimbirani, ndipo amene amaimbiridwa msanga ndi makasitomala akale amene anagulapo zinthu zina pamenepo. Munthu wochokera ku Ngabu, wobwera kamodzi, alibe mbiri pasitolopo. Mutha kudikira miyezi, mutha kudikira kupyola tsiku lanu lobadwa. Amene safuna kudikira amagula kwa ogulitsa apadera, kawirikawiri pamtengo woposa wa m'sitolo. Kumayambiriro kwa 2022 mitengo ya kumeneko inakwera ngati yapenga, kenako inatsika, ndipo amene anagula pamwamba penipeni poganiza kuti akusunga chuma analira.

Kumsika wapadera kumeneko n'kumene kuli ng'ona. Palibe wotchi imene imakopedwa kwambiri padziko pano ngati Rolex, ndipo Submariner ili patsogolo penipeni. Kale feki inkadziwika ndi kupepuka komanso muvi wa masekondi wodumphadumpha. Za lero zina ndi zoti ngakhale ine ndiyenera kutsegula ndi kuyang'ana pa galasi lokulitsa kuti ndinene. Zaka zingapo zapitazo kunabwera bambo ena a chakumunsi kwa Bangula, wotchi atakulunga m'kampango. Anaipeza kwa munthu wodutsa amene ankati ali pamavuto a ndalama, ndipo anapereka ng'ombe zitatu. Bokosi linalipo, khadi linalipo, kulemera kunali komweko. Nditatsegula kumbuyo ndinakhala kaye chete, chifukwa ndinasowa poyambira. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Anangoti zikomo, n'kuikulunganso m'kampango muja, ndipo sindinawaonenso. Omega nayo amaikopa, koma Diver 300M ya masiku ano ili ndi galasi kumbuyo moti makina amaoneka osatsegula, ndipo makina ake a Co-Axial, amene anatulukira mmisiri wa ku England George Daniels ndipo Omega inayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1999, ndi ovuta kuwakopa bwinobwino. Submariner kumbuyo kwake ndi chitsulo chokhachokha.

Funso lanu lachiwiri lija yankho lake ndi losabisa: Rolex imasunga mtengo kuposa Omega. Submariner yosamalidwa bwino, ya mapepala ake onse, kawirikawiri imagulitsidwa pafupi ndi mtengo umene inagulidwira, nthawi zina kuposerapo. Seamaster yatsopano imagwa mtengo tsiku lomwe mwatuluka nayo m'sitolo, ngati galimoto. Ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mukufunsa. Tonse tinaona kwacha ikugwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Inu a kuchigwa munaonanso zina: madzi a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 anatenga makola athunthu usiku umodzi. Munthu amene anaona ng'ombe zake zikuyandama sangasekedwe akamafuna chuma choti n'kuthawa nacho kumtunda chili padzanja.

Komabe taganizani za tsiku logulitsalo. Mtengo wabwino wa Rolex uli ku Johannesburg, ku Dubai, ku London. Kuno kwathu mudzagulitsa kwa ndani? Anthu oti n'kutulutsa madola 10,000 pa wotchi yakale ndi owerengeka, ndipo woyamba kumuonetsa adzayamba n'kukayika ngati ndi yeniyeni. Tsiku limene munthu amagulitsa chinthu chotere ndi tsiku la mavuto, matenda kapena maliro, ndipo wogula amanunkhiza changu chanu n'kukupatsani theka. Kuti mupeze mtengo wake weniweni muyenera kukwera ndege kapena kutumiza kwa mwana wanu n'kudikira. Ng'ombe mumagulitsa Lachiwiri ndalama n'kulowa m'thumba Lachiwiri lomwelo. Ndiponso madola 4,000 osiyanitsa mawotchi awiriwa, mutagulira misoti, inu mukudziwa kuposa ine kuti pakatha zaka khumi khola lingakhale lotani. Wotchi siibereka, imangodya za sevisi. Ndipo mwanena nokha kuti cholinga n'kusiyira mwana. Chinthu chimene simukufuna kugulitsa, bwanji muchilipirire mtengo wa kugulitsika kwake?

Pali njira ina imene ndimaikonda. Popeza Omega imagwa mtengo ikangotuluka m'sitolo, lolani munthu wina alipire kugwako. Ku Johannesburg ndi ku Cape Town kuli masitolo odziwika ogulitsa mawotchi ogwiritsidwapo kale ntchito. Seamaster ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ya bokosi ndi makhadi ake, imakhala idakali ndi zaka zotsala pa chitsimikizo chija, ndipo mtengo wake umakhala utatsika kale. Mukadzafuna kugulitsa simudzataya zambiri. Chofunika n'chakuti sitoloyo ikhale ya khomo ndi dzina, yopereka lisiti, yolola kuti wotchi ikayesedwe kwa ovomerezeka a Omega musanamalize kulipira. Nambala ya pawotchi ifanane ndi ya pakhadi. Kulinso kaundula wa mawotchi obedwa wotchedwa The Watch Register, kumene nambalayo ingafufuzidwe. Za pa Facebook ndi za munthu wokumana naye pamalo omwetsera mafuta, zisiyeni ngakhale mtengo utakoma bwanji.

Nkhani imene ogula ambiri amaiwala ndi ya sevisi. Rolex imalangiza kuti wotchi ikaonedwe pafupifupi zaka khumi zilizonse, Omega imati pakati pa zaka zisanu ndi zisanu ndi zitatu. Pa nyengo ya kwanuko ine ndingatsamire ku nambala yaing'onoyo. Sevisi yonse imadya madola mazana angapo, ndipo wotchi imakakhala kumeneko masabata ambiri. Makampani onse awiri sagulitsa zipangizo zawo kwa wokonza aliyense, ndiye ngakhale ine, ndi zaka zanga zonsezi, mukandibweretsera ndidzakuyezerani kayendedwe kake, ndidzakuchotserani maginito, ndidzakufupikitsirani lamba, koma za kuphwasula makina ndidzakuuzani kuti ipite ku South Africa. Wina akadzakuuzani kuti aitsegula pakhonde la sitolo ndi kampeni, thawani. Akangoitsegula molakwika, mamita 300 aja atha, ndipo mvula yoyamba mudzaona nkhungu pansi pa galasi. Mukadzaona nkhungu imeneyo tsiku lina lililonse, musadikire kuti iuma yokha. Madzi ali m'kati, ndipo dzimbiri silichedwa.

Za ulendo wokagula, mawu ochepa. Ngati mukugula yatsopano, lisiti lilembedwe m'dzina lanu, osati la mwana wanu. South Africa imabwezera alendo msonkho wa VAT wa 15 peresenti akamatuluka pabwalo la ndege la OR Tambo, koma munthu wokhala konko sabwezeredwa. Pa wotchi ya mtengo umenewu ndalamayo si yamasewera. Mukafika ku Chileka ionetseni kwa a MRA, lipirani zoyenera, pepala lawo musunge, chifukwa lidzakuthandizani tsiku limene wotchiyo idzatuluke kukakonzedwa n'kubwerera. Ndipo mapepala onsewa, khadi la chitsimikizo, lisiti, bokosi, asakhale m'nyumba ya kuchigwa. Wotchi imapirira madzi, mapepala ayi. Asiyeni kwa wachibale ku Blantyre kapena kwa mwana wanu, inu mukhale ndi zithunzi zake pafoni.

Chinanso n'chakuti wotchi imalankhula. Dzina la Rolex aliyense amalidziwa, kuyambira mwana wa sukulu mpaka wakuba. Ku Johannesburg kwakhala magulu a achifwamba amene amatsata anthu ovala Rolex kuchokera m'masitolo ndi m'malo odyera, moti mukagula musatuluke mutavala poyera. Kwanu ku Ngabu vuto ndi lina. Mukafika pakhola kudzagula ng'ombe, mwini wake amayamba wayang'ana nsapato ndi dzanja lanu asanatchule mtengo. Kachisoti kachifumu kamene ndi chizindikiro cha Rolex katha kukukwezerani mtengo wa nkhunzi iliyonse kwa moyo wanu wonse. Choseketsa n'chakuti ena onse otsalawo adzangoti ndi feki ya ku Limbe, chifukwa mafeki a Rolex adzaza paliponse. Ndiye mwalipira madola 10,000 kuti theka la anthu likudyereni, theka linalo likusekeni. Omega imadutsa mwakachetechete. Oidziwa amaidziwa, ndipo ndi ochepa.

Nanga ndi liti pamene ndingati gulani Rolex? Ngati kuyambira muli mnyamata, mukuweta ng'ombe za bambo anu, munkalota dzina limeneli, musagule Omega ngati chopepesera mtima. Ndawaona anthu otere. Amavala Seamaster miyezi isanu ndi umodzi maso ali pa dzanja la mnzawo, kenako amaigulitsa motaya n'kukagula Rolex yomwe ija, ndiye kuti alipira kawiri. Ngati ndi choncho, mwana wanu akakulembetseni dzina ku sitolo yovomerezeka lero lomwe, ndipo mudekhe, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Rolex inayambanso mu 2022 kugulitsa mawotchi ake akale otsimikizidwa ndi kampaniyo kudzera m'masitolo ena ovomerezeka, ndiye afunse ngati kumeneko ziliko, ngakhale mtengo wake umakhala wokwera. Yopanda deti, nambala 124060, ndi yotsikirapo mtengo ndipo kwa ine ndi yokongola kuposa inzake. Koma pa zaka 60 maso amayamba kukana, ndipo ya deti, 126610LN, ili ndi kagalasi kotukuka kamene kamakulitsa deti kawiri ndi theka. Deti la Omega lili pansi pa 6 koloko ndipo ndi laling'ono. Mivi yakenso ndi yobowoka pakati, ena amaiona bwino, ena amavutika nayo kukayamba mdima. Zimenezi musamve za ine, kayeseni ndi maso anu, magalasi owerengera mutavula.

Omega ndi ya mamilimita 42 ndipo ndi yochindikala pang'ono, Rolex ndi ya 41. Papepala kusiyanaku n'kochepa, padzanja kumamveka, makamaka ngati mumakonda malaya a manja aatali Lamlungu.

Pa za kusiyira mwana, lembani. Tchulani wotchiyo mu wilo ndi nambala yake, chifukwa chinthu chaching'ono chodula chimasowa msanga pa tsiku la maliro kuposa ng'ombe. Mwati idzapita kwa mwana wamwamuna, pamene amene akukuthamangirani m'masitolo a ku Joni ndi wamkazi. Zimenezo ndi za m'banja mwanu, bambo, ine ndangodutsapo. Dziwani chabe kuti masiku ano akazi ambiri amavala mawotchi akuluakulu ameneŵa.

Tsiku logula, akamakufupikitsirani lamba, kumbukirani kuti muli m'sitolo yozizira, mumzinda wa pamtunda, dzanja lanu litaphwa. Mmisiri wa kumeneko adzafuna kuti igwire bwinobwino. Muuzeni asiye mpata woti chala chanu chaching'ono chilowe pansi pa chomangira, ndipo aike kotalikitsira kaja pamalo ake aafupi kuti mukhale ndi poonjezera mukatsika ku Thabwa. Timfundo ta lamba timene achotse musatisiye pakauntala. Tikulungeni m'kapepala mubwere nato.